Tsiku Limene a Wailesi Anapitirira Siteji

Kwathu kuno n'kochepa. Ukaima pakhonde la chipatala, pamwamba pa chitunda, umaona pamene dera lathu layambira ndi pamene lathera, ndipo pakati ponsepo ndi madenga okhaokha, othinana ngati mano a chipeso. Anthu tinachuluka koma malo sanakule. Wofuna chipinda china amamanga pamwamba pa chakale, ndipo zovala za banja lina zimadonthezera pakhonde la banja lina.

Msewu waukulu ulipo umodzi. Umazungulira dera lonse n'kubwerera pamene unayambira, choncho timangouti Wozungulira. Ndi wopapatiza moti mabasi awiri sangapatukirane, ndiye kalekale akuluakulu anagamula kuti galimoto zonse zizilowera mbali imodzi. Kubwerera m'mbuyo kulibe. Ukaiwala ambulera pa siteji imene wangochoka, utsike ubwerere wapansi, apo ayi ukhale phee uzungulire dera lonse. Alendo amadabwa nazo. Ife tinazolowera, moti munthu akachedwa kuntchito amangoti, “Ndinazungulira,” abwana n'kumvetsa.

Amalume anga, achimwene awo a mayi, ndi dalaivala wa minibasi pa msewu umenewu. Anthu amawatchula kuti a Wailesi. Wailesi yeniyeni ya m'basi mwawo inafa kalekale ndipo sanaikonzetse, chifukwa ntchito yake amagwira okha. Akangoliza injini m'mawa, pakamwa nawo payamba. Amalengeza amene wabereka, amene denga lake likudontha, amene wagula sofa yosalowa pakhomo. Mvula amaineneratu, ndipo ikapanda kugwa amati yazungulira.

Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, akutsuka mabasi kudepoti. Kenako anakhala kondakitala, kenako anagwira chiwongolero. Makolo awo anamwalira mayi anga ali aang'ono, ndiye amalume ndiwo anawalera. Za ukwati ankati ziyambe zadikira, mlongo wawo amalize sukulu. Atamaliza, anati akwatiwe kaye. Atakwatiwa ndinabadwa ine, bambo anga n'kupita kunja kukafuna ntchito osabwereranso, ndiye amalume anati ndikule kaye. Pamene ndinkakula, imvi zinali zitawapeza kale. Tinkakhala atatu m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya wosoka nsapato. Ine amanditchula kuti Chete, ndipo amauza anthu kuti mawu a banja lathu anatha onse pa iwo, ine ndinapeza m'mbale mulibe kanthu.

M'mabasi ena, munthu akafuna kutsika amagogoda denga. M'basi ya amalume sagogoda. Iwo amadziwa pamene aliyense amatsikira, amadziwanso kuti Lachitatu mayi uje satsikira pamsika koma kuchipatala kukatenga mankhwala a shuga. Mlendo yekha ndiye amaloledwa kugogoda, tsiku loyamba lokha. Wozolowera akaiwala n'kugogoda, amalume amamuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo.

“Mwandiyesa ndabwera dzulo? Ndinakunyamulani muli m'mimba mwa mayi anu, lero mukundiphunzitsa kwanu?”

Munthuyo amatsika akupepesa, basi yonse ikumuseka.

Kondakitala wawo ndi bambo wamtali, woonda, amene amapinda msana pachitseko tsiku lonse. Timawati a Sunthani, chifukwa ngakhale basi idzaze bwanji iwo amangoti, “Sunthani pang'ono, akuluakulu, malo alipo.” Ndipo malowo amapezekadi. Kwathu kuno amene manja ake alibe kanthu amafukata katundu wa mnzake, kaya ndi ndowa, kaya ndi mwana, osafunsa kuti mwini wake ndani. Ine ndimakwera basi imeneyi m'mawa uliwonse popita ku shopu yosindikiza mapepala kumene ndimagwira ntchito. Malo anga ndi pakona, kumbuyo kwenikweni, pamene munthu amaona zonse popanda womufunsa kanthu.

Ndili pakona pamenepo ndinazindikira kuti pali kachigawo kamodzi ka msewu pamene wailesi imazima.

Pa siteji ya pa Chigayo pamakwera mayi wina wosoka zovala, amene tonse timawati Atelala. Ndi mayi wamasiye, ana awo anakula n'kupita kwina. Ndi wojintcha, woyenda mosafulumira, ndipo tepi yoyezera imakhala m'khosi mwawo kuyambira kunyumba. Shopu yawo ili pa siteji yotsatira, pa Matelala. Akaima pakhomo pawo amaona chitseko cha shopuyo, koma pakati pali chigwembe chakuya, ndipo mlatho wake ndi wokwana galimoto imodzi yokha, oyenda pansi ndi oletsedwa. Choncho m'mawa ulendo wawo unali waufupi, kukwera, kuwoloka, kutsika. Madzulo pobwerera ankazungulira dera lonse kuti akafike panyumba imene ankaiona tsiku lonse pazenera. Tsoka lake, amalume amagwira m'mawa mpaka masana, kenako basi amasiyira dalaivala wina. Ulendo wautali unkagwera mnzawoyo, iwo n'kutsala ndi kaufupi.

Atelala akangokhala, amalume nkhani inkawathera pakati. Ankagwira chiwongolero ndi manja awiri ngati wophunzira, maso pamsewu.

“Mwadzuka bwanji, a Wailesi?”

“Ndadzuka, mayi. Kaya inu?”

“Ndadzuka.”

Zinkathera pomwepo. Mlatho tinkawoloka tikumva kulira kwa matayala. Atelala akatsika, amalume ankapumira m'mwamba n'kupitiriza nkhani ija pamene anaisiyira, ngati palibe chachitika. Sipanapite nthawi, ena nawonso anazindikira. A Sunthani anayamba kusunga mpando wakutsogolo, pambali pa dalaivala. Wina akafuna kukhalapo ankati, “Pamenepo pali chisipuling'i chobaya, akulu, bwerani kuno.” Pa Chigayo chisipuling'icho chinkachira.

Kenako kunabwera nkhani ya mabatani. M'mawa wina Atelala anaona kuti mkono wa malaya a amalume ulibe batani.

“A Wailesi, mkono uwu ukupempha thandizo. Mawa mubwere nawo malayawa m'pepala.”

Anabwera nawo, ndipo mkuja wake anawalandira osita bwino, batani lili pamalo pake. Patangopita masiku ochepa batani lina linathothoka, la pachifuwa. Kenako la malaya ena. Mapepala a malaya ankapita ndi kubwera pampando wakutsogolo, ndipo moni uja anawonjezekapo mawu awiri: “Zikomo, mayi.”

Tsiku lina mayi akupukuta pashelefu anapeza kapu yothyoka chogwirira kuseri kwa galasi lometera ndevu. Munali mabatani okhaokha, lumo lili pambali.

“Achimwene, mabataniwa akuthothoka okha n'kudzilowetsa m'kapu?”

“Ulusi wa masiku ano ndi wosalimba, chemwali.”

“Nanga lumoli?”

“Ndevu. Munthu asamete?”

Mayi anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Atatha anati, “Inu mumalankhula ndi dziko lonse, mpaka agalu a m'njira mumawapatsa moni. Mayi mmodzi yekha wakukanikani?”

“Msewu wake ndi waufupi,” anatero amalume. “Munthu ndisanakonze kukhosi, tafika kale.”

“Ndiye kwerani madzulo ngati munthu wamba. Amazungulira dera lonse. Mukhale pambali pawo, mulankhule mpaka mutope.”

Anayesadi. Anavala malaya okhala ndi mabatani onse n'kukadikira basi yawo yomwe. Koma anapeza Atelala atakhala kale pakati pa anthu, ndipo iwo anakankhidwira kumbuyo, wina n'kuwaika ndowa pantchafu, wina n'kuwonjezera mwana. Choipa kwambiri, amalume sadziwa kukhala m'galimoto imene akuyendetsa wina. Phazi lawo linkaponda buleki imene panalibe, ndipo ulendo wonse ankakalipira mnzawo uja kuchokera kumbuyo: “Giya! Sintha giya, ukupha injini! Pakona apo pali mayi wa tomato, liza hutala!” Pofika pa Chigayo, Atelala anatembenuka pachitseko n'kunena kuti, “Lero wailesi ikumveka bwino kumbuyoko.” Amalume anafika kunyumba thalauza litanyowa, osadziwa ngati ndi ndowa kapena mwana. Sanayesenso.

Chaka chimenecho anayamba kumanga mlatho wa oyenda pansi, wachitsulo, pambali pa wa galimoto uja. Anthu anakondwera kwambiri, ndipo amalume ndiwo ankaulengeza m'mawa uliwonse ngati ndi wawo: lero aika mizati, lero awotcherera zogwirira, lero apaka utoto. Sanaganize kumene nkhaniyi ikulowera mpaka tsiku limene Atelala, tili pakati pa mlatho wakale, analoza watsopanowo.

“Ukatsegulidwa uwo, ine za mabasi ndasiya. Kuwoloka kokha, ndafika. Madzulo ndiziphika dzuwa lisanalowe.”

Injini inazima pomwepo. Amalume, amene sanazimitsepo galimoto pamsewu chiyambire, anailiza kachiwiri, a m'mbuyo akuimba mahutala.

Posakhalitsa kunamveka kuti mlathowo autsegula Lolemba. Atelala amasoka mpaka Loweruka, choncho Loweruka m'mawa unali ulendo wawo womaliza m'basi ya amalume. Lachisanu titadya, mayi anakoleka chingwe m'khosi ngati tepi, n'kukhala pampando pambali pa achimwene awo.

“Ine ndine Atelala. Yambani.”

Amalume anagwira mbale ngati chiwongolero. Kwa mayi mawu ankatuluka bwino zedi. Anayamba ndi mmene makolo awo anafikira kuno, nadutsa pa zaka zotsuka mabasi, ndipo anali asanafike pa ukondakitala pamene mayi anagogoda tebulo.

“Ndatsika kale, achimwene. Ndatsegula shopu, ndasoka diresi, ndikudya chamasana.”

“Ndiye ndinene chiyani?”

“Zochepa. ‘Mayi, ine ndimakufunani, tikhale banja.’ Basi.”

“Zopanda mutu chonchi?”

“Mutu mukaika pambuyo. Chete, ukaone ngati anene.”

Loweruka kunacha bwino. Basi inadzaza msanga, ndipo ndinaona kuti muli anthu amene Loweruka sakwera. Anesi a kuchipatala analimo, komanso a Mazira, bambo wonenepa amene amagulitsa mazira pamsika, mathileyi ali pantchafu zawo ndi za oyandikana nawo. Amalume anali atameta, atavala malaya oyera. Nkhani za m'mawa umenewo sizinkagwirana. Anayamba ya mbuzi imene inakwera masitepe a sukulu, n'kuimalizira pa mtengo wa matayala.

Pa Chigayo Atelala anakwera ndi pepala m'manja.

“Malaya anu awa, a Wailesi. Omaliza.”

“Zikomo, mayi.”

Tinalowa pa mlatho. Kumanzere kwathu watsopano uja unkawala, anthu akumangirira nsalu zokongoletsa pa zogwirira. M'basi munali zii, moti ndinkamva mazira akugwedera m'mathileyi. Amalume anakonza kukhosi.

“Mayi.”

“Ee?”

“Mayi, ine…”

Mlatho unatha. Amalume anakonzanso kukhosi, khosi lawo likutuluka thukuta kumbuyo.

“Ine, mayi, ndimati…”

Siteji ya pa Matelala inabwera, ndi benchi lake ndi chikwangwani chake chopindika, ndipo inadutsa. Basi sinachepetse n'komwe liwiro. Ndinaona a Sunthani akutsegula pakamwa, ndipo ndinaona phazi la a Mazira likutsika pa phazi lawo. Pakamwapo panatsekeka. Palibe anagogoda denga. M'basi ya amalume sagogoda.

Amalume anazindikira titayamba kale kutsetsereka chitunda cha kumsika, galimoto zili mndandanda kumbuyo kwathu. Anaponda buleki, kenako anaisiya, popeza pamenepo poima palibe.

“Mayi! Ndakupitirizani! Ine? Pepani, mayi, pepani kwambiri. Ndikutsitsani pamsika pomwepa.”

“Pamsika?” anatero Atelala modekha. “Kuti ndikwere chitunda chonsechi ndi mawondo angawa? Mwandipitiriza nokha, a Wailesi. Mundibweze nokha.”

Anakonza tepi m'khosi n'kutsamira bwino. Kubweza munthu pa Wozungulira tonse tikudziwa tanthauzo lake. Amalume anali atapatsidwa dera lonse.

Pamsika anaima, a Sunthani n'kutsegula chitseko. Palibe anasuntha. Amalume anayang'ana pagalasi.

“A Mazira, si pano?”

“Lero mazira ndikagulitsa kutsogolo, akulu. Kuno anthu akhuta.”

“Nanga inu, mayi a makala?”

“Ndikuperekeza a Mazira.”

Amene ankadikira pa siteji anasuzumira, n'kuona kuti mulibe malo. Kwa nthawi yoyamba a Sunthani sananene mawu awo aja. Anangotseka chitseko.

Tinadutsa m'kati mwa msika, momwe malona a mashopu amakhudza denga la basi ndipo mayi wa tomato amakoka beseni lake ndi phazi osayang'ana. Tinakwera chitunda cha kuchipatala. Pamenepo anesi anatsika monyinyirika, chifukwa odwala sadikira, koma anagwira a Sunthani pamkono.

“Foni yanga muli nayo. Akangonena, mundiimbire, ngakhale ndikhale ndikubaya munthu jakisoni.”

Amalume anamva. Makutu awo ndinawaona akusuntha. Koma anapitiriza kuyang'ana kutsogolo, ndipo wailesi inali chizimire. Anthu a m'makonde, amene anazolowera kupatsidwa moni pazenera, ankakweza manja n'kutsala nawo m'mwamba. Agogo ena amene amakhala pakhomo pa shopu ya malata anafuula kuti, “A Wailesi, mwadwala?”

Siteji yanga nayo inafika. Amalume anaima n'kundiyang'ana pagalasi, maso awo akupempha kuti mwina ine ndekha ndiwachitire chifundo nditsike. Ndinayang'ana panja. Mayi anali atandituma.

Titapitirira sukulu, Atelala anayamba kuwathandiza.

“Kuno m'mawa n'kokongola. Ine ndimakuona madzulo okha, kutada kale.”

Apo amalume anapeza pogwira. “Ee, mayi. Matanki awo anawamanga ine ndili kondakitala. Kale madzi tinkatunga kumunsi uko. Nyumba yobiriwirayo inali ya wokonza mawotchi, anali ndi mwana wake wamkazi amene anakwatiwa ndi…” Wailesi inayaka ndithu. Anafotokoza za matanki, za manda amene anadzaza mpaka anthu anayamba kuikidwa pamwamba pa azigogo awo, za kona imene lole ya simenti inakanirira mpaka anaiphwasula. Ananena zonse za m'dera muno kupatula chimodzi.

“Akutionetsa dziko lathu lomwe,” ananong'ona mayi a makala.

“Asiyeni, injini ikutenthera,” anatero a Mazira.

Kwathu kuno nkhani siyenda pa Wozungulira. Imadutsa pakati, m'tinjira ta masitepe ndi m'mazenera, ndipo imafika basi isanafike. Pamene tinkatulukira mbali ya kwathu, anthu anali atayamba kale kuima m'makonde, ena ndi makapu a tiyi m'manja. Pa siteji yathu panali mayi anga, chitenje chomangidwa mothamanga, sopo ali m'manja. Anafika pazenera la dalaivala.

“Achimwene, mwanena?”

“Chemwali, pita kunyumba.”

“Sananene,” anayankha anthu m'basi.

Mayi anazungulira n'kufika kuchitseko. A Sunthani anayang'ana m'kati momwe munalibe ngakhale poika phazi, ndipo mawu awo anabwerera. “Sunthani pang'ono, akuluakulu, malo alipo.” Mathileyi a mazira anayenda pamwamba pa mitu, mwana wina anasamukira pantchafu zina, ndipo mayi anadzapanikizika pambali panga akununkhira sopo.

“Wakhala ukutani nthawi yonseyi?” anandinong'oneza.

“Ndimaona.”

Kuchokera kwathu kukafika pa Chigayo si patali. Amalume nkhani zinawathera. Pa Chigayo anaima mwachizolowezi, ngakhale wokwera pamenepo anali kale pambali pawo. Kutsogolo kunali mlatho, ndipo kutsidya kwake siteji ya pa Matelala. Analowetsa giya yoyamba ndipo sanaisinthe. Basi inakwawa pa mlathowo ngati ikuopa kuuthyola. Kumbuyo mahutala anayamba, koma a Sunthani anatulutsa mkono wawo wautali pazenera n'kuwauza kuti adekhe.

“Mayi,” anatero amalume.

“Ndikumva.”

“Mlatho uwo ndi wabwino. Wolimba. Anthu apumula.”

Mayi anandifinya bondo mpaka kuwawa.

“Koma mukayamba kuyenda wapansi, mpando uwu ukhala wa ndani?”

“Wa aliyense. Chisipuling'i chija si chinachira?”

A Sunthani anayang'ana kudenga. Amalume anayankha maso ali pamsewu.

“Ine wa aliyense sindikumufuna, mayi. Ndazungulira msewu uno moyo wanga wonse, ndipo kachigawo kokha kamene ndimakadikira ndi aka. Kakachoka, ndiziyendetsa chiyani? Ndikufuna inuyo. Kunyumba, osati m'basi mokha. Mutu wake ndiika pambuyo.”

Atelala anayang'ana chigwembe, kenako anayang'ana pepala la malaya limene linali pakati pawo.

“A Wailesi, ine ndasoka zovala kuyambira ndili mtsikana. Batani lothothoka lokha limasiya ulusi wonyozoka. Anu onse ulusi wake ndi wodulidwa bwinobwino, ngati ndi lumo.”

Mayi anabisa nkhope paphewa langa, thupi lonse likugwedezeka ndi kuseka.

Atelala anapitiriza, “Ndiponso siteji yanga ija ndinaiona ikudutsa. Dzanja ndili nalo, denga lili pompa.”

“Ndiye mukuti bwanji, mayi?”

“Ndikuti nkhani yotere sayankha pamaso pa mazira. Mubwere kunyumba Lolemba madzulo, mudzanene bwinobwino mutakhala pansi. Mubwere wapansi, pa mlatho watsopanowo, ndione ngati miyendo muli nayo. Ndipo mabatani akale aja mubwere nawo. Anga mwandithera.”

Basi inaphulika ndi chimwemwe. Mayi a makala analuluta, wina anamenya mpando, ndipo a Mazira poombera m'manja anaiwala zimene anafukata, moti thileyi imodzi inathera pa nsapato za a Sunthani. Iwo sanadandaule, anali kale pafoni: “Anesi, anena! Ee, anena okha!” Amalume anaima pa Matelala mosamala ngati anyamula galasi, n'kutsika kukawatsegulira Atelala chitseko. Pobwerera pampando wawo anatiyang'ana tonse pagalasi.

“Tsopano aliyense atsike kwawo. Ndatopa nanu.”

Koma kwawo kwa aliyense kunali kutsogolo, ndiye tinazunguliranso. Kuntchito ndinangoti, “Ndinazungulira.” Abwana anati, “Tamva. Anena?”

Lolemba mlatho unatsegulidwa m'mawa, ndipo madzulo amalume anavala malaya oyera aja, kapu ya mabatani ili m'pepala. Tsiku limenelo anagwira mpaka madzulo, ndipo depoti ili mbali ya pa Matelala, choncho atasiya basi anayenera kuwolokera kwa Atelala. Mayi ndi ine tinawaperekeza mpaka pamlatho. Pamenepo m'pamene tinadziwa chinthu chimene ngakhale iwo eni sankachidziwa: amalume amaopa pamwamba. Chigwembe chimene anachiwoloka zaka zonsezi atakhala pampando, tsopano ankachiona pansi pa mapazi awo, kudzera m'timipata ta zitsulo. Anagwira chogwirira ndi dzanja limodzi, kapu ndi linalo, n'kuima.

“Chemwali, chikugwedera ichi.”

“Ikugwedera ndi miyendo yanu, achimwene. Pitani.”

Ana a sukulu ankawadutsa akuthamanga, amayi ankawadutsa ndi mitolo pamutu. Kutsidya kunali Atelala, ataima pakhomo pawo, tepi ili m'khosi, manja m'chiuno. Amalume anasuntha phazi limodzi, kenako linalo, ndipo kuti asayang'ane pansi anayamba kulankhula. Tinkawamva akufotokozera aliyense wodutsa za utoto wa mlathowo, za amene anawotcherera zogwirira, za mmene mvula idzagwere mawa, mabatani akulira m'kapu. Anawoloka akulankhula, ndipo anafika.

Panopa amalume amakhala pa Chigayo, ndipo m'zipinda zathu ziwiri muli malo ambiri komanso bata limene mayi akuti likuwasowetsa tulo. Atelala, amene tsopano ndimawati azakhali, madzulo amabwerera wapansi n'kuphika dzuwa lisanalowe, monga ananenera. Koma m'mawa mlatho watsopano amausiyira ena. Amadikira basi pa siteji, a Sunthani n'kuwatsegulira kutsogolo, ndipo pa kachigawo kaja wailesi siizimanso, mwina amachita kuiuza kuti ichepetse.

Tikangowoloka mlatho, Atelala amakweza dzanja n'kugogoda denga kawiri, mwamphamvu, kuti aliyense amve. Tsiku loyamba tonse tinayang'ana pagalasi kudikira mawu aja a m'mimba mwa mayi anu. Amalume anaponda buleki bwinobwino, n'kuima ndendende pa benchi.

“Zikomo pondikumbutsa, mayi.”

Tsiku lotsatira a Mazira nawo anayesa kugogoda pofika pamsika. Mpaka lero akupepesabe.